Mkaka unauma atachitidwa opaleshoni: kodi ungabwererenso?

Mayi wina wa ku Area 25 watilembera imelo. Mwana wake ali ndi miyezi iwiri. Mayiyu anachitidwa opaleshoni ya pamimba, n'kugona m'chipatala milungu iwiri, ndipo nthawi yonseyo agogo ankamwetsa mwanayo mkaka wam'chitini m'botolo. Panopa akafinya bere pakungotuluka timadontho, mwananso akukana kuyamwa. Akufunsa ngati basi zathera pomwepo.

Mayi, sizinathe. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene ukutuluka: likamayamwidwa kapena kufinyidwa pafupipafupi limawonjezera, likasiyidwa limaleka. Timadontho mukutionato ndi poyambira pabwino, ndipo mwana wosakwana miyezi itatu savuta kwenikweni kubwerera kubere.

Muziyamwitsa kapena kufinya maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, kutanthauza maola awiri kapena atatu aliwonse, mphindi 15 mpaka 20 ulendo uliwonse, mawere onse awiri. Usiku musadumphe. Prolactin, homoni ya m'thupi imene imachititsa kuti mkaka upangike, imachuluka usiku, ndiye amene amalimbikira masana okha amadabwa kuti palibe chikusintha.

Pofinya ndi manja, sambani kaye, thowani bere ndi kansalu kofunda. Ikani chala chachikulu pamwamba, cholozera pansi, masentimita awiri kapena atatu kuchokera kunsonga. Kankhirani zala kuchifuwa, panani, tayani, kenako musinthe malo mozungulira bere. Osakoka nsonga: mudzangochita zilonda, mkaka osatuluka.

Povuta ndi pa botolo. M'botolo mkaka umangoyenderera wokha, ndiye mwana akafika pabere pofunika kugwira ntchito amalusa. Lisiyeni, muzimumwetsa ndi kakapu, atakhala chotsamira, mkaka ukungokhudza milomo, osamukhuthulira m'kamwa. Muzimugoneka pachifuwa panu ali ndi thewera lokha, khungu kukhudzana ndi khungu, maola ambiri momwe mungathere. Bere mum'patse ali ndi tulo kapena atamwako pang'ono, osati njala itamupweteka. Akaligwira, agogo azidonthezera mkaka ndi supuni pamwamba pa bere kuti uzitsikira kukamwa kwake. Akaona kuti kukubwera kanthu, amapitiriza kuyamwa. Anamwino angakuonetseninso njira ya kachubu kakang'ono komata pabere, mbali ina ili m'kapu ya mkaka. Funsani kusikelo ya kwanuko kapena ku Bwaila.

Poteteza bala, yamwitsani chogona cham'mbali, kapena mwana adutse kukhwapa, miyendo yake ili kumbuyo kwanu.

Mkaka wam'chitini musausiye kamodzinkamodzi. Mwana wamsinkhu uwu amafuna pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Wa makilogalamu 5 ndiye kuti 750. Wanu ukayamba kuchuluka, chotsaniko pafupifupi mamililita 50 pa mlingo wa tsiku lonse, dikirani masiku angapo, kenako muchotsenso. Muziwerenga matewera: akodze kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wosaderako. Kusikelo muzipita mlungu uliwonse, ndipo azikwera ndi magalamu osachepera 125 pamlungu. Akapanda kukwera, bwezerani zimene munachotsazo. Akafooka, liwombo kulowa, kapena kusiya kukodza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Za mankhwala: Panado ndi Brufen sizitsutsana ndi kuyamwitsa, koma codeine ndi tramadol zimatha kugonetsa mwana moopsa, choncho uzani adokotala kuti mukuyamwitsa. Mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen amachepetsa mkaka. Ngati munataya magazi ambiri, kayezetseni, chifukwa kuchepa kwa magazi kumachedwetsa zonsezi. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa mosadumphitsa, ndipo akambirane kaye ndi achipatala asanayambirenso kuyamwitsa.

Thobwa amene azakhali akukufululirani imwani ndithu, pamodzi ndi phala la nsinjiro, usipa, nyemba ndi masamba, thupi lochira limafuna zimenezi. Koma thobwa payekha, bere lisakuyamwidwa, sabweretsa mkaka.

Mkaka wofinya umakhala bwino maola anayi m'kapu yovundikira pamalo ozizirirapo, masiku anayi mufiriji ngati magetsi sakuzimazima. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masiku angapo mpaka milungu iwiri, koma kuti mkaka ukwanire mwana pamatenga milungu ingapo. Ena amathera poyamwitsa n'kumawonjezerabe wam'chitini pang'ono. Zikatero, yambani ndi bere nthawi zonse, kapu ibwere pambuyo.