Kachotupa ka mkati mwa mlomo kongophulika nkubweranso

Sabata yatha kunabwera imelo ya achemwali ena, akuti miyezi itatu tsopano ali ndi kachotupa kofewa mkati mwa mlomo wam'munsi, kukula kwake ngati njere ya mtedza, sikapweteka, kamaoneka ngati thuza, akatafuna chimanga chootcha kamaphulika nkutuluka timadzi tonanda, pakangotha masiku kabweranso. Akufunsa ngati ndi khansa komanso ngati angakabaye okha ndi singano.

Achemwali, mtima m'malo kaye. Mmene mwalongosoleramu zikufanana kwambiri ndi chomwe madotolo a mano amati mucocele. Mkati mwa mlomomu muli tiziwalo ting'onoting'ono totulutsa malovu, ndiye mukadziluma mwangozi kanjira kake kamang'ambika, malovu aja mmalo motulukira mkamwa amangounjikana pansi pa khungu nkupanga kathumba. Nchifukwa chake kakaphulika kamadzazanso, poti kachiwalo kaja kadakali komweko kakugwirabe ntchito. Kameneka si khansa ayi.

Koma za singanozo chonde musayerekeze, kaya phini kaya lezala. Mungolowetsapo majeremusi basi, ndipo kabweranso ndithu. Ndimamva chisoni ndi anthu omwe amabaya kangapo mpaka pamalopo pauma gwa ndi chipsera.

Pitani mbali ya mano pa chipatala cha boma lanu, akaona kuti nkofunika akutumizani ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu Central. Kuchotsa kwake sikuchedwa, amakubayani jakisoni wa dzanzi pamlomopo muli maso, amadula pang'ono nkuchotsa kathumbako pamodzi ndi kachiwalo komwe kakuyambitsako kuti kasabwerenso, kenako timastichi tochepa, tsiku lomwelo mwabwerera kunyumba. Ine ndimalimbikitsa kuti mufunse ngati chomwe achotsacho achitumize ku labu, kuti zitsimikizike ndi makina osati maso okha.

Kulinso kena kolimbirako kotchedwa fibroma, mtundu wake ofanana ndi mkamwa momwemo, kamakonda mkati mwa tsaya pomwe mano amakumana, makamaka ngati pali dzino losweka lomwe likumakhula pamenepo, nako amangodula koma dzinolo likonzedwenso apo ayi kameranso.

Chomwe sindifuna muchedwe nacho nchilonda chamkamwa chomwe chadutsa masabata awiri osapola, chotupa cholimba chokula msanga kapena chotuluka magazi, banga loyera kapena lofiira losachoka, makamaka kwa osuta fodya ndi omwa mowa. Mabanga ofiira moderako kumwamba kwa mkamwa nawonso, poti khansa yotchedwa Kaposi sarcoma ndi yofala kwathu kuno mwa anthu omwe ali ndi HIV. Zimenezo mawa lomwe kuchipatala.

Akakuchotsani kachotupako, tsiku loyamba musachukuche, idyani phala lozizirirako, tsabola ndi tiyi wamoto zidikire kaye. Kuyambira tsiku lachiwiri muzichukucha ndi madzi ofunda othira kamchere mukatha kudya, ndipo lilime lisamangoseweretsa ulusiwo. Mundilembere mukabwerako.