Mpando wa msungichuma unanditchulitsa wakuba pabwalo

Achemwali, ndi funso lanu lija loti mng'ono wanu avomere kapena akane kukhala msungichuma, mwandikanda pachilonda. Nsima ndaisiya pambale kuti ndikulembereni, chifukwa mpando wa msungichuma umene a kalabu ya achinyamata amupatsa mng'ono wanuwo ndi womwewo umene unandibindikiritsa m'nyumba masiku atatu osatuluka ngakhale kukatunga madzi. Ena muno mukundidziwa. Maina sinditchula, koma mwini wake akawerenga adzizindikira yekha.

Kalabu yathu inali kumudzi kwathu, kufupi ndi pa Kamwendo ku Mchinji. Tinayamba mu 2021, pambuyo pa kutsekedwa kwa sukulu kuja chifukwa cha Covid, nthawi imene atsikana ambiri anatenga mimba ali pakhomo. Kunabwera bungwe lina ndi galimoto yoyera, n'kuyamba kutiphunzitsa kudzikhulupirira, kukana zinthu zimene sukufuna, kutsogolera msonkhano, kulemba maminitsi, zonse zija. Sindinama ayi, zinandithandiza. Ine ndinali munthu woti mlendo akandipatsa moni ndimayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Pakutha pa chaka ndinkaima pamsika n'kumachita zisudzo zofotokozera makolo kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola mwana wosakwana zaka 18 kukwatiwa, ngakhale makolo avomereze. Mtsikana wina wa sitandade 7 tinamuchotsadi kubanja n'kubwerera kusukulu.

Ndiye a gulupu anatibwereka munda, ekala imodzi ndi theka. Tinadzala mtedza wa mtundu wa CG7. Loweruka lililonse m'mamawa ife tili kumunda, kupalira, kukumba, kuthothola, mpaka kuswa ndi manja usiku pamwezi zala kuchita matuza. Mu June 2023 tinagulitsa kwa mavenda pa Kamwendo, titakangana nawo za sikelo theka la tsiku, n'kupeza K620,000. Cholinga chinali makina awiri osokera, opalasa ndi mapazi aja, kuti tizisoka mayunifolomu ndi mapadi ochapa. Mtengo tinali titafunsa kale ku Lilongwe, ndalama inkakwana.

Tsono tinali ndi patironi. A bungwe ndi amene anati kalabu iliyonse ikhale ndi munthu wamkulu woiyang'anira. Anatipatsa bambo wina wa mu VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ija, yemwenso ndi mkulu wa mpingo, munthu woti akamadutsa azimayi amagwada. Tsiku lomwe tinagulitsa mtedza, chakumadzulo, anatulukira kwathu pa njinga. Amayi anamutulutsira mpando, n'kumukazingira mtedza womwewo. Akuti, "Mwanawe, ndalama zambiri chonchi sizigona m'nyumba ya udzu. Bwera nazo ndikazisunge ku akaunti yanga ku Boma pamene mukudikira kutsegula yanu." Ine mtima unakana. Ndinayang'ana amayi, amayi akuti, "Apatse, ndi akuluakulu awa." Ndinaziwerenga pamphasa, ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha. Kenaka ndinatulutsa buku kuti asayine. Anaseka. "Aa, iwe, wayamba kundikayikira? Ine ndinakunyamula uli khanda." Ndinachita manyazi, buku n'kulitseka. Atapita ndinalemba ndekha ndi pensulo kuti ndalama zili ndi a patironi. Pensulo, achemwali!

July anadutsa, August anadutsa. Ukafunsa, mawa. Ukafunsanso, kubanki kunalibe netiweki. Tsiku lina anandiyankha kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndisamathamange magazi.

Mu October kunabwera alendo a bungwe lija kudzaona ntchito yathu. Dzuwa la October mukulidziwa. Tinakhala pabwalo la a gulupu pansi pa mtengo wa mango, ife titavala ma T-shirt awo, mudzi wonse utasonkhana, azibambo pamipando, azimayi pamphasa. Wapampando analankhula bwino, atsikana anaimba, alendo anajambula. Kenaka anaitana msungichuma. Ndinaimirira, ndinawerenga lipoti langa, zolowa, zotuluka, anthu n'kuomba m'manja atamva K620,000. Mayi wina wa ku bungweko, atanyamula botolo la madzi, anangofunsa bwinobwino kuti, "Ndiye ndalamazi pakali pano zili kuti?" Ine mosakayika ndinati zili ndi a patironi.

Bambo uja anatsokomola. Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati ngati muli kanthu, n'kuchivalanso. Ndiye akuti, "Ine? Ana awa. Ine ndinangowalangiza kuti atsegule akaunti. Ndalama sindinazionepo."

Bwalo lonse zii. Ndimakumbukira nkhuku ina ikudutsa pakati ndi anapiye ake, ine ndikuiyang'ana ngati indiyankhira. Buku likunjenjemera m'manja, thukuta likutsika kumsana mpaka m'chiuno, lilime lauma gwa. Mayi uja anatenga buku, anayang'ana mzere wa pensulo uja, n'kufunsa kuti siginecha ili pati. Palibe. Apo mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndiye foni yatsopano ija!" Anthu gwedegwede kuseka. Foni imeneyo anali atanditumizira achimwene anga ali ku Johannesburg, koma ndani akanandimvera? Ndinatembenukira kumphasa ya azimayi kufuna amayi, poti iwo anaona ndi maso awo ndalama zikusintha manja. Amayi anali atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana pansi. Sanatsegule pakamwa. Nthawi imeneyo ndinawakwiyira kwambiri, pano ndimamvetsa. Mayi wamasiye, munda womwe amalima ndi wa abale a malemu bambo, angatsutse mkulu wa mpingo pabwalo? Koma tsiku limenelo zinandiwawa kuposa kuseka kwa anthu onse aja.

Ndipo maphunziro onse a kulankhula molimba mtima aja anandithawa. Mawu anakana kutuluka. Ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo kulirako anthu anakutenga ngati kuvomera.

A bungwe analemba m'kabuku kawo, anati nkhaniyi ithere m'mudzi momwemo, anakwera galimoto, fumbi kobo. Mpaka pano zimandinyansa. Inu a bungwe ndi amene munatiikira munthuyu pamwamba pathu. Zaka ziwiri mukutiuza kuti ndife atsogoleri, mukutisayinitsa mafomu a alawansi, mukutijambula titakweza manja, koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene munakhala nafe pansi n'kutiuza kuti ndalama ya gulu imasungidwa chonchi, osayinira amakhala angapo, ndipo munthu wamkulu akakupempha ndalama umamukana ndi mawu awa. Kukana chibwenzi munatiphunzitsa mpaka kuchita sewero. Kukana bambo wa imvi amene anakunyamula uli khanda, amayi ako ali pomwepo, ayi. Kumudzi kuno chovuta ndi chimenecho. Utsogoleri wa achinyamata umathera pamene wamkulu watsokomola.

Nanga bamboyo, Mulungu amuone. Lamlungu lotsatira anaima kutsogolo m'tchalitchi kupempherera achinyamata kuti asiye mtima wokonda ndalama. Ine ndili m'nyumba ndatseka chitseko, iye akupemphera! Agogo anga aamuna, omwe anali a Payoniya gululo lisanathetsedwe mu 1993, ankangoti nthawi yawo munthu wotere akanamuthamangitsa ndi thumba la mchenga kumutu. Sindisirira nthawi imeneyo, tonse tinamva zimene zinkachitika ndi makadi a chipani, koma usiku umenewo ndinawavomera.

Chinandipulumutsa ndi mlembi wathu, mtsikana wachete amene palibe ankamuwerengera. Mu August anali atawafunsa a patironi pa WhatsApp za ndalamazo, iwo n'kuyankha ndi mawu ojambula kuti ndalama zanu zili bwinobwino ndi ine, musadandaule. Sanafufute. Pabwalo paja anaopa, koma patapita masiku atatu anabwera kudzagogoda kwathu, tinapita limodzi kwa a gulupu. A gulupu anamvetsera kawiri, foni ataigunditsa kukhutu, n'kuitanitsa mlandu. Pamenepo ndiye bambo uja anavomera kuti anangobwereka, anagulira feteleza ndi kulipira aganyu kumunda kwake kwa fodya. Kubwereka! Chindapusa chake nkhuku ziwiri. Anabweza pang'onopang'ono, lero K50,000, mwezi wamawa K80,000, mpaka February 2024. Koma pakati apo, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya chilichonse chochokera kunja n'kukwera. Titapitanso ku Lilongwe ndalama ya makina awiri ija inagula amodzi, yotsala inathera ulusi, nsalu ndi thiransipoti. Makina enawo anadyedwa ndi fodya wa munthu. Wondipepesa palibe. Amene anaseka pabwalo anali mudzi wonse, amene anamva mlandu kwa a gulupu anali anthu osakwana 20. Mpaka lero anyamata ena a kabaza akandiona amakuwa kuti "Asungichuma, tigaireni!"

Ndiye mukandifunsa ine, akane. Auze anzakewo kuti asankhe wina, iye akhale membala wamba, aziimba nawo basi. Mwana wamkazi dzina likaipa kumudzi silichapika.

Koma ayi, dikirani. Asakane. Akakana mpando umenewo utengedwa ndi mwana wa patironi, ndiye zatha. Ine lero ndimagula ndi kugulitsa soya ndi mtedza, ndipo buku langa ndimalemba momwe ndinaphunzirira kukalabu komweko, palibe venda amandipusitsa pa sikelo. Alowe, koma alowe ndi maso. Ndalama isagone kunyumba kwanu ngakhale usiku umodzi, komanso isapite m'thumba la munthu mmodzi, kaya ndi m'busa kaya ndi malume ake. Asanagulitse chilichonse alembe malamulo a kalabu, akalembetse ku ofesi ya achinyamata ku Boma, atsegule akaunti ya gulu yosayinira anthu atatu. Ngati banki ili kutali achite momwe amachitira azimayi a banki mkhonde, bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, bokosilo kwa wachinayi, kutsegula pamaso pa onse. Azimayi amenewa sanapiteko ku maphunziro a utsogoleri ku hotela, koma amationa ife kupusa. Akamapereka ndalama kwa munthu atumize pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga utsale. Alembe ndi cholembera cha inki, wolandira asayine, mboni isayine, ndipo lipoti aziwerenga mwezi ndi mwezi osadikira alendo. Wina akati ukundikayikira, ayankhe kuti si ine, ndi malamulo a kalabu. Mawu amenewa ayesere kunyumba ndi inu mpaka azolowere pakamwa.

Akuluakulu asawakhulupirire, ndi mmodzi yemwe. Ngakhale kuti kunena zoona popanda a gulupu ine bwenzi ndidakali wakuba, ndiye apeze wamkulu mmodzi wachilungamo amene angamuimire zikavuta, makamaka mayi wolankhula, osati wongomwetulira. Ndipo inuyo achemwali, tsiku lowerenga lipoti muzipita, mukhale kutsogolo, chitenje chikhale m'chiuno osati kumutu.

China, ngati mukuganiza zomugulira foni chaka chino, lisiti lake musataye.