Incognito siyikubisani kwa onse

Achimwene, mwafunsa ngati Incognito, njira yotsegulira mawebusaiti mwachinsinsi pa Chrome, ingaletse malonda a nsapato amene akukutsatani paliponse. Iyo imangofufuta mbiri ya masamba amene mwatsegula ndi ma cookies (timafayilo timene mawebusaiti amasiya mu foni kapena kompyuta yanu kuti akukumbukireni) mukaitseka, koma kampani ya netiweki yanu ndi mawebusaiti amene mwatsegula amakuonanibe. Mukalowa mu Gmail kapena Facebook momwemo, ndiye kuti akudziwani kale.

Zokutsatanizo makamaka ndi ma third-party cookies, amene amaikidwa ndi makampani ena, monga a malonda, osati webusaiti imene mwatsegulayo. Pitani ku Settings ya Chrome, kenako Privacy and security, muwatseke. Komabe ine ndingakulangizeni Firefox, pulogalamu ina yotsegulira mawebusaiti ngati Chrome, imene imatsekereza yokha ma cookies otsata anthu kuyambira 2019, ndipo pa Android imalola kuikamo uBlock Origin, pulogalamu yotsekereza malonda. Imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa masamba amatseguka msanga, bandulo nayo imakhalitsa. Tsamba lina likavuta kutseguka, muizimitse pa tsamba lokhalo.