Zithunzi za Saturn n'zopanga pa kompyuta?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Mwana wawo anawaonetsa zithunzi za pulaneti ya Saturn ndi miyezi yake, koma iwo mtima sunakhazikike. Akuti ngati zinajambulidwadi m'mlengalenga, bwanji kumbuyoko kuli bii, popanda ngakhale nyenyezi imodzi? Si zopanga pa kompyuta zimenezi?

Mayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndili ndi telesikopu yaing'ono, yosadula kwenikweni. Usiku wina kunja kutayera bwino ndinailozetsa kwa Saturn n'kuitana amalume anga kuti adzaone. Anawerama, diso limodzi atatsinzina, ndipo anakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anadzuka, n'kuzungulira kutsogolo kwa telesikopuyo, n'kusuzumira m'kati ndi tochi. Amafunafuna kachithunzi komwe ati ndinamata pagalasi. Sanakapeze, koma sanagonjenso. Atabwerera kukayang'ana anapeza Saturn atachoka, poti dziko lathuli limazungulira ndiye chinthucho sichichedwa kutuluka m'galasi. Nditasuntha telesikopu n'kumupezanso, iwo anangoti, "Waona, ukumachita kumuikamo wekha." Anthu onse anaseka, ine ndinapsa mtima. Komabe ndikamaganiza za usiku umenewo sindiwaimba mlandu kwenikweni. Saturn amaoneka waudongo mopitirira muyeso: kampira kachikasu, mphete ili ngwee mozungulira, palibe pokhota. Maso amakana kuti chinthu chotere n'chachilengedwe.

Zithunzi zambiri zimene mwana wanu anakuonetsanizo ndikukhulupirira kuti n'za Cassini, chombo cha m'mlengalenga chimene chinanyamuka ku Cape Canaveral, ku America, pa 15 Okutobala 1997, n'kufika kwa Saturn mu 2004. Chisanapite chimenechi, kunapita zombo zina: Pioneer 11 anadutsako mu 1979, Voyager 1 mu 1980, Voyager 2 mu 1981, koma onsewa anangodutsa. Cassini anakhalako zaka 13 akuzungulira, ndipo anatumiza zithunzi zoposa 450,000. Makamera ake awiri sanali odabwitsa ayi. Chithunzi chilichonse chinali cha timadontho 1,024 m'litali ndi 1,024 m'lifupi, kutanthauza kuti foni imene muli nayo m'manjamo ikuposa kutali. Komanso sankajambula zamitundu. Ankajambula zakuda ndi zoyera basi. Kuti mtundu upezeke, kamera inkajambula katatu, poyamba kudzera m'galasi lofiira, kenaka lobiriwira, kenaka labuluu, ndipo anthu pansi pano ankaphatikiza zitatuzo. Pakati pa kujambula koyamba ndi kwachitatu chombo chasuntha, mwezi nawo wasuntha, ndiye pamafunika munthu woleza mtima wogwirizanitsa m'mbalimo.

Choncho kompyuta inagwirapo ntchito, inde. Koma kuphatikiza zinthu zimene kamera yaona n'kosiyana ndi kupeka.

Amene amandinyansa ine si anthu okayika ngati inu kapena amalume anga. Ndi aja amatenga chithunzi chabwinobwino, n'kuchithira mitundu yolusa, mphete zapepo, mitambo yofiira ngati moto, n'kuchiponya pa Facebook popanda mawu alionse. Ena amafika potenga chojambula cha katswiri wa zojambulajambula n'kulemba kuti chombo chajambula dzulo, pomwe chombocho chinapsa kalekale. Amenewa ndi akuba, ndipo ndikunena mosabisa. Asayansi nawonso amasintha mitundu, koma amakhala ndi chifukwa ndipo amalemba pansi pa chithunzicho. Mwachitsanzo mwezi wa Titan ndi wokutidwa ndi chifunga cholimba, moti kuti uone nthaka yake uyenera kujambula ndi kuwala kumene diso la munthu silikuona. Zikatero mtundu uyenera kuchita kusankhidwa, palibe kuchitira mwina. Koma munthu wongofuna kuti anzake adinepo chala, ameneyo akuononga ntchito ya anthu amene anathera moyo wawo wonse pa chombo chimodzi.

Ndipo chomvetsa chisoni n'choti zenizenizo sizifuna n'komwe zokometsera. Taonani Enceladus. Ndi kamwezi ka makilomita pafupifupi 500 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kokutidwa ndi madzi oundana. Mu 2005 Cassini anapeza kuti kum'mwera kwenikweni kwa kamweziko kuli ming'alu italiitali, ndipo m'ming'alumo mukutuluka nthunzi ndi tizidutswa ta madzi oundana, kuthovoka kupita m'mlengalenga. Chithunzi chimene ndimachikonda ndi chotuwa, chopanda mtundu uliwonse: dzuwa lili kuseri, kamweziko kali mumdima, ndipo m'munsi mwake mukuoneka timizere toyera tikufalikira. Pansi pa madzi oundanawo pali nyanja yamchere. N'chifukwa chake mafuta atatsala pang'ono kutha, akatswiri anasankha kuponya Cassini mu mpweya wa Saturn pa 15 Seputembala 2017 kuti apse, kuopa kuti tsiku lina angadzagwere pa Enceladus kapena Titan n'kusiyapo tizilombo tochokera kuno.

Mwezi wa Iapetus ndiye sindinena. Mbali imodzi yakuda bii, ina yoyera mbee, ndipo pakati pake padutsa mtandadza wa mapiri. Munthu wopeka akanachita manyazi kujambula zotero. Mimas nayenso ali ndi chidzenje chimodzi chachikulu, chotchedwa Herschel, chomwe ukachiona umadabwa kuti mweziwo sunasweke bwanji.

Nanga nyenyezi zija

Ndatsala pang'ono kuiwala funso lanu. Ngakhale kuwala kwa dzuwa kumafika kumeneko kutafooka kwambiri, mphete ndi miyeziyo ndi madzi oundana, ndipo zimawala kuposa nyenyezi zakutali. Enceladus amabweza pafupifupi kuwala konse komugwera. Kamera ikatsegula diso kwa kanthawi kochepa kuti mweziwo uoneke bwino, nyenyezi zimakhala zisanalowe. Yesani kujambula ndi foni munthu amene waima pansi pa getsi usiku, muona kuti kumwamba kutuluka kwakuda. Pa zithunzi zimene Cassini anatsegula diso kwa nthawi yaitali, nyenyezi zimaoneka, ndipo oyendetsa chombocho ankazigwiritsa ntchito podziwa pamene chili.

Mwana wanu akufufuzireni pa intaneti mawu oti Cassini raw images patsamba la NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga. Muona zithunzi zosakonzedwa, zotuwa, zina zamadonthomadontho, zina zosowa mizere. Mukakumana ndi chamitundu, werengani mawu a pansi pake: natural color ndiye kuti n'chofanana ndi chimene diso lanu likanaona, false color ndiye kuti mitunduyo anachita kusankha. Chopanda mawu alionse, ingochidutsani.