Tifunseni: Kodi n'zotheka kulowa m'tchalitchi cha Agiriki ku Joni?

FUNSO: Zikomo akonzi. Loweruka lina, nditapereka katundu wopita kumudzi pa basi pafupi ndi Park Station, ndinabwerera wapansi kudzera ku Joubert Park. Mu Wolmarans Street ndinaona nyumba yoyera mbee, ya denga lobulungira ngati mbale yovundikira. Ndinkayesa mzikiti, koma ndinaona mtanda. Ndi mpingo wanji umenewu? Ine ndine wa CCAP, kodi angandilole kulowamo?
Mayi wa ku Ntcheu, Berea

YANKHO: Mayi, chimene munaonacho ndi tchalitchi chachikulu cha mpingo wa Greek Orthodox, chotchedwa Saints Constantine and Helen. Chinamangidwa mu 1912 n'kutsegulidwa mu 1913, mzinda wa Johannesburg usanakwanitse ngakhale zaka 30. Anachimanga ndi Agiriki obwera kudzafuna ntchito ndi malonda kuno. Zimenezi ine zimandikhudza kwambiri, chifukwa anali alendo ngati ife tomwe, ndipo atapeza kangachepe anayamba aganiza za malo opempherera m'chinenero chawo. Pulani anajambula ndi Hermann Kallenbach, bwenzi la Mahatma Gandhi, yemwe mu 1910 anapereka munda wa Tolstoy Farm kuti Gandhi ndi anthu ake azikhalapo.

Simunalakwe kwenikweni poyesa mzikiti. Kamangidwe kameneka ndi ka ku Byzantium, mzinda umene mfumu Constantine inausandutsa likulu lake mu 330, womwe lero ndi Istanbul. Helen anali mayi ake a mfumuyo. Tchalitchi chotchuka cha kumeneko, Hagia Sophia, chinatha kumangidwa mu 537, ndipo mzindawo utalandidwa mu 1453 anachisandutsa mzikiti. Omanga mizikiti yambiri anatengera denga lakelo.

Kulowa angakuloleni. Pitani Lamlungu m'mawa nthawi ya mapemphero, mutavala zaulemu monga muchitira kwanu, chitenje ndi mpango zili bwino. Ine tsiku limene ndinapitako, chinandichingamira pakhomo ndi fungo la lubani. Gogo wina wovala zakuda anayatsa kandulo yowonda ngati chala cha mwana, anaiimika pakati pa zinzake, kenaka anawerama n'kupsompsona chithunzi cha woyera mtima mwachifatse, ngati akulonjera mbale wake. Ndinangoti duu kumuyang'ana. Akhristu a Orthodox amanena kuti sapembedza chithunzicho, akulemekeza mwini chithunzi. Kutsogolo kuli khoma la zithunzi lotchinga guwa, ndipo kuseri kwake mlendo safikako. Mudzaonanso kuti chizindikiro cha mtanda amayambira phewa lamanja kupita lamanzere, mosiyana ndi Akatolika.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: Mgonero ndi wa Akhristu a Orthodox okha, choncho musaime nawo pamzerewo. Koma pamapeto wansembe amagawa tizidutswa ta buledi wodalitsidwa, ndipo ameneyo mlendo akhoza kulandira. Zojambula ndi foni muyambe mwapempha.

Za chitetezo simukusowa kuuzidwa, dera la Joubert Park ndi Hillbrow mukulidziwa. Pitani ndi mnzanu, masana, foni ili m'chikwama. Mukafuna tsiku lalikulu, chikondwerero cha Constantine ndi Helen chimakhala pa 21 May.