Bambo anga asiya kutuluka pakhomo

Azakhali,

Bambo anga ali ndi zaka 76. Atapuma pantchito ankayendabe wapansi kuchokera ku Zingwangwa mpaka m'tauni ya Blantyre, kukagula nyuzipepala ndi kucheza ndi anzawo pa Victoria Avenue. Chaka chatha njinga yamoto ya kabaza inangotsala pang'ono kuwagunda akuwoloka msewu, ndipo pothawa anagwera m'ngalande. Sanavulale kwambiri, koma kuyambira tsikulo amangokhala pakhonde. Ndikati tiyeni tikawongole miyendo, amayankha kuti, "Tauni si yathunso ayi." Tsopano miyendo yayamba kutupa. Kodi ndiwakakamize?

Mwana wawo wamkazi, Zingwangwa

Mwana wanga,

Usawakakamize. Koma za miyendo yotupayo usazengereze: pita nawo kuchipatala sabata ino akawayeze BP, shuga, mtima ndi impso. Akawaonenso maso, chifukwa ng'ala imabwera mwakachetechete, munthu n'kumaona ngalande ataifika kale.

Mawu a bambo akowo ndawamva mumtima, pakuti nanenso ndadutsa zaka 60. Ndikamapita m'tauni masiku ano, choyamba ndimaganiza kuti ndikapumira pati. Ndikatsika minibasi pa Mibawa ndimadziwa kale kakhoma komwe ndikatsamire, ndi sitolo yomwe mlonda wake amandipatsa mpando. Makhonde a masitolo adzaza ndi ogulitsa malonda. Sindiwaimba mlandu, akusaka ya ufa, komatu zikatero wokalamba amatsikira mumsewu momwe muli galimoto ndi akabaza. Pa maroboti napo m'povuta. M'mayiko ambiri nthawi yowolokera amaiwerengera munthu woyenda mamita 1.2 pa sekondi, pomwe agogo ambiri sitifika liwiro limenelo. Nyali imasintha uli pakati pamsewu, mahutala kulira, mtima phaa!

Pali china chomwe bambo sangauze mwana wawo wamkazi. Amuna ambiri akakula amakodza pafupipafupi, ndipo mapiritsi ena a BP amawonjezera vutoli. Munthu yemwe anali wolemekezeka pantchito sangalole kuchita manyazi pagulu chifukwa chosowa chimbudzi, bola angokhala kunyumba. Nkhani imeneyi usayambitse iwe. Tuma mlongo wako kapena mdzukulu wamwamuna, adziwiretu pomwe pali zimbudzi zolipira ndipo azinyamula ndalama zosinthasintha m'thumba.

Yambani pafupi. M'mawa cha m'ma 9 koloko, anthu a kuntchito ndi ana asukulu atadutsa, dzuwa lisanawawe, tulukani mpaka pagolosale n'kubwerera. Ndodo atenge, nsapato zikhale zogwira phazi, osati mapatapata. Poyenda usawakoke dzanja ngati mwana. Iwo agwire mkono wako, liwiro likhale lawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza okalamba kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ukagawa, ndi mphindi 30 masiku asanu, ndipo ngakhale mutayamba ndi mphindi 10 zokha palibe cholakwika.

Koma dziwa kuti bambo ako sankapita m'tauni kukalimbitsa thupi. Ankatsatira anzawo. Ukamawauza kuti "mukayende kuti mukhale athanzi" amva ngati mankhwala owawa. Funafuna mmodzi mwa anzawo akale aja, umupemphe adzawatenge. Kukakhala bawo pansi pamtengo m'dera lanulo, kapena mphakati wa kutchalitchi, ulendo wapeza chifukwa. Miyendo ikalimba, tsiku lina mukafike ku Njamba Freedom Park, komwe Papa John Paul II anachititsa misa mu 1989. Anthu a msinkhu wawo amalikumbukira bwino tsikulo, ukangowafunsa nkhani sizitha. Tenga kampando kopinda ndi madzi akumwa.

Chomwe chimandipweteka n'choti zomwe tikusowa si zodula. Bungwe la za umoyo lija mu 2007 linatulutsa malangizo a mizinda yokomera okalamba, ndipo muli zinthu wamba: mabenchi, zimbudzi zaukhondo, tinjira ta oyenda pansi tosalala, malo owolokera otetezeka. Inu a m'dera limodzi mukhoza kulembera khansala wanu kalata, osangoti "tithandizeni" koma kutchula malo enieni: ngalande yakuti ivundikiridwe, pasiteji yakuti paikidwe benchi. Bambo ako ndiwo akudziwa malo oopsawo kuposa iwe. Apatse pepala ndi cholembera, mndandandawo alembe okha.

Azakhali