Sitima ikaima padoko, tilipire ulendo wa a sitima kapena tidziyendere tokha?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nchalo, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndati ndiwayankhe pompano chifukwa funso lawo ena mudzakumana nalo. Akuti mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Durban akufuna kuwalipirira, iwo ndi bambo akunyumba, ulendo wa pa sitima zikuluzikulu zija zonyamula alendo za kampani ya MSC, koma sanasankhebe kaya akwere waufupi wopita kugombe la Mozambique kapena wautali wokafika ku Mauritius. Chomwe chawazunguza mutu nchoti mwanayo wawauza kuti sitima ikaima pamakhala maulendo okaona malo amene a sitima amakonza okha, koma olipira padera. Ndiye funso lawo ndi ili: "Tilipire zimenezo, kapena tingotsika nkumadziyendera tokha mmene timachitira tikapita ku Limbe?"

Amayi, choyamba mwanayo mumuthokoze kwambiri, munalera. Ndipo funso lanu ndi la nzeru chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti tikiti ikalipiridwa basi zonse zatha, chonsecho tikiti ija imakupatsani chipinda, chakudya ndi zisangalalo za mkati mwa sitima, koma zokaona kunja zambiri mumapisanso mthumba, komanso pa sitimazi mitengo amawerengera mmadola, ndiye ndi mmene forex ikuvutira kwathu kuno munthu sungangomwaza ndalama mwachisawawa.

Yankho langa lagona pa zinthu ziwiri basi, mtunda ndi nthawi. Malo amene mukufuna kukaona akakhala pafupi ndi pamene sitima yakocheza, oti mukhoza kubwerera wapansi kapena pa takisi ya mphindi zochepa, dziyendereni nokha, ndalamayo musunge. Akakhala kutali, kapena ngati pakufunika kukweranso boti lina, lipirani a sitima osaumira. Ndifotokoze chifukwa chake.

Sitima siili ngati minibasi ya pa Dyeratu yoti kondakitala amakudikirani mukugula nthochi, mwinanso kubwerera mmbuyo mukakuwa. Ili ndi nthawi imene inapangana ndi a padoko, ndipo tsiku lililonse amakulemberani pa kapepala ka ndondomeko ya tsikulo nthawi imene aliyense akuyenera kukhala atalowa, kawirikawiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Ikakwana amachotsa makwerero. Tsono kusiyana kwake kuli apa: mukakhala pa ulendo wogulidwa kwa a sitima ndiye basi yanu yachedwa panjira, kaya tayala laphwa kaya msewu wadzaza, iwowo ndi amene amasenza vutolo, amadikira kapena amakonza njira yokufikitsani pamene sitima ikaimenso. Mukachedwa muli panokha, mwaziyamba nokha, hotelo mulipira nokha, ndege yobwerera ku Durban mulipira nokha, katundu wanu ndi mankhwala anu zili mchipinda chimene chikupita pakati pa nyanja. Mtengo wa a sitima umakhala wokwera kuposa wa matakisi apanja, zimenezo nzoona ndithu, koma mbali ina ya ndalamayo mukugula mtendere wa mumtima umenewu, ndipo kwa anthu akuluakulu ngati inu ndi bambo ine ndimauona kuti ndi wofunika.

Tiyambe ndi ulendo waufupiwo. Sitima zochokera ku Durban nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu November mpaka cha mu March kapena April, zimakonda kuima pa Portuguese Island, kachilumba kamchenga kali pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, kapena ku Pomene mchigawo cha Inhambane. Malo amenewa doko kulibe. Sitima imaima patali pamadzi akuya ndiye amakutsitsirani mmaboti ang'onoang'ono kukakutulani pamchenga, ndipo nyanja ikakalipa woyendetsa sitima akhoza kungolengeza kuti lero sititsika, musadzakhumudwe zikatero, amatero poteteza moyo wanu. Kumeneko nkhani yoti tidziyendere ngati ku Limbe siikugwira kwenikweni chifukwa tauni kulibe, kuli mchenga, madzi oyera mbee, ndi anthu ogulitsa zitenje ndi ziboliboli. Kukhala pagombepo, kusamba, kudya nkhomaliro imene a sitima amakonza konko, zimenezo mukhoza kukhutira nazo osatulutsa kena kalikonse kowonjezera ndipo tsiku likhala labwino.

Pomwe pamafunika kusamala mpamene mwafuna kuoloka kupita ku Inhaca kapena kukaona nsomba za pansi pa madzi. Mudzapeza eni maboti akukunong'onezani mtengo wotsika. Amayi, ife a kuchigwa kuno madzi timawadziwa, tinaolokapo pa Mtayamoyo bwato litadzaza njinga ndi matumba madzi ali mmilomo, ndipo tikudziwa mabanja amene analira chifukwa cha Shire. Nyanja ya mchere ili ndi mafunde ake komanso madzi amaphwa nkudzazanso tsiku lomwelo, boti limene linakutulani mmawa masana likhoza kupezeka lakhala pamchenga. Chilichonse chofuna kukweranso boti gulani kwa a sitima, ndipo musakwere musanavale jekete yoyandamitsa ija, olo wina akusekeni.

Komanso ndikuuzirenitu, musadalire kuti poti ndi ku Mozambique ndiye Chisena chikuthandizani. Chisena chimagwira ku Mutarara, ku Caia mpaka ku Beira, koma kummwera kuja amalankhula Chironga, Chichangana ndi Chitswa, ndiye bola timawu tochepa ta Chipwitikizi timene ambiri kuno tinatola kwa abale athu amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo, bom dia, obrigada, quanto custa. Ndalama yawo ndi metical koma ogulitsa a mmalo ofika alendo amalandira ma rand, mwana wanu akusinthireni ang'onoang'ono chifukwa chenji chimasowa.

Tsopano Mauritius, uku nde kumene funso lanu lili ndi nyama. Sitima imakocheza ku Port Louis, likulu lenilenilo, ndipo zambiri zokoma zili pafupi. Pali Caudan Waterfront pamene pali masitolo ndi malo okhala mphepete mwa madzi, pali msika waukulu wa Central Market umene mukalowamo fungo la zokometsera ndiwo limakulandirani pakhomo, matimati ndi mabiringanya ataunjikidwa mwaluso, azibambo akukuwa mitengo mu Chikiliyo chawo, ndipo panja pake amagulitsa dholl puri, kachapati kofewa kokhala ndi nsawawa zogaya mkati amene amakulungiramo ndiwo za nyemba ndi tsabola nkukupatsani mkapepala kakadali kotentha. Kulipira madola kuti munthu akuyendetseni pamenepa ine ndimaona ngati kutaya ndalama, Chingerezi mumachidziwa, mwaphunzitsa ana zaka zonsezi, anthu akumeneko ambiri amachimva, magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu konkuno.

Ndipo poti ndinu mphunzitsi komanso wa ku Nchalo, malo amodzi musawaphonye, Aapravasi Ghat. Ali pafupi ndi doko lomwelo. Ukapolo utathetsedwa pachilumbapo mu 1835 eni minda ya nzimbe anasowa antchito, ndiye Angerezi anayamba kubweretsa anthu ochokera ku India pa kontilakiti, ndipo pamalo amenewa mpamene ankatsikira, anthu pafupifupi theka la miliyoni anadutsa pamenepo. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linawaika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2006. Masitepe amiyala amene ankakwera potuluka mmadzi alipobe. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuona odula nzimbe akulawirira mbandakucha, nkubwerera atada bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha, malo amene aja amawamva mosiyana ndi mlendo wina aliyense, ndipo mpofunika kuimapo mwakachetechete nthawi imene mtima wanu ukufuna, osati wina akukuimbirani belu kuti basi ikunyamuka. Apa mpamene kuyenda panokha kumaposa. Pa ulendo wa gulu mumakhala anthu odzaza basi, wina wachedwa kuchimbudzi, wina akugula zipewa, kenako amakakuimitsani pa sitolo ya zikumbutso nthawi yaitali pomwe pamalo penipeni munangothamangapo.

Pamplemousses, munda wotchuka wa mitengo ndi maluwa uja wokhala ndi akakombo a masamba akuluakulu ngati lichero, uli chakumpoto pang'ono, si patali, ndipo pafupi pake ku Beau Plan kuli fakitale yakale ya shuga imene anaisandutsa nyumba yosungiramo mbiri ya nzimbe, L'Aventure du Sucre. Bambo ngati anagwirapo ntchito kufakitale kwathu kuno sadzafuna kutulukamo. Kumeneku mukhoza kupita pa takisi bola mupite mmawa, mugwirizane mtengo wopita ndi kubwerera musanakwere, muutchule mu ndalama yawo ya rupee kuti pasadzakhale mkangano, ndipo ndalama yonse mupereke akakutulani padoko, osati poyamba.

Koma zija mumaziona pa Facebook, dothi la mitundu isanu ndi iwiri ku Chamarel, nyanja yopatulika ya Ahindu ku Grand Bassin, phiri la Le Morne kumene akapolo othawa ankabisala (ambiri mwa akapolo a pachilumbachi anachokera ku Mozambique ndi Madagascar, ndiye nkhani yake ndi yapafupi nafe), zonsezo zili kummwera, ulendo wopitirira ola limodzi kupita kokha, misewu ina yokhotakhota ngati chitunda cha Thabwa pokwera kupita ku Blantyre, ndipo madzulo magalimoto olowa ndi kutuluka mu Port Louis amathithikana koopsa. Kumeneko nde ndikukupemphani, lipirani a sitima. Ngati ndalama ikukwana ulendo umodzi wokha wolipira pa ulendo wonsewo, iikeni pamenepa.

Chinthu china chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi wotchi. Nthawi ya ku Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri kuyerekeza ndi ya kwathu ndi ya ku Joni, ndipo sitima ili mnjira amakuuzani usiku kuti musunthe wotchi. Foni imadzisinthira yokha ikagwira netiweki ina, nthawi zina imasochera, ndiye valani wotchi yapamkono muitchere mofanana ndi nthawi imene a sitima akutsatira, musanatsike mufunsenso wantchito amene waima pakhomo. Ndipo mukamayenda panokha dziikireni lamulo loti mukhala mutabwerera padoko kutatsala ola lathunthu kapena kuposa, bola mukakhale pansi mukumwa tiyi mukuona anzanu akuthamanga.

Musanatsike tengani kapepala ka ndondomeko kaja kapena mukajambule pafoni, pamakhala nambala ya wothandizira sitima wa padokopo amene mungamuimbire zikavuta. Khadi lanu la sitima ndilo kiyi wa chipinda komanso chiphaso cholowera, lisachoke pathupi. Za pasipoti mumvere zimene a sitima anena tsikulo koma fotokope yake ikhale mchikwama nthawi zonse. Mankhwala a BP kapena a shuga mutenge okwanira masiku awiri olo mukungotsika kwa maola ochepa. Data ya foni muzimitse sitima ikakhala pakati pa nyanja chifukwa netiweki ya mmenemo imadya ndalama ngati chiyani kaya, mapu a Port Louis mwana wanu akutsitsireni pafoni mudakali ku Durban kuti azigwira popanda intaneti.

Palinso nkhani ya ziphaso. Ku South Africa, ku Mozambique ndi ku Mauritius pasipoti ya Malawi imalowa popanda kufunsiratu viza pa ulendo waufupi wokacheza, koma maulendo ambiri a ku Mauritius amaimanso pa Réunion, ndipo chilumba chimenecho ndi gawo la dziko la France, malamulo ake ndi ena. Mwana wanu afunse a MSC molemba kuti wa pasipoti ya Malawi akufunika chiyani asanalipire tikiti, chifukwa mapepala akapanda kukwana amatha kumubweza munthu pa Durban pomwepo.

Kutentha sindikukuopsezani, munthu wa ku Nchalo amene amapirira October wa kuno palibe chachilendo, koma dzuwa la pamadzi limawotcha mwakachetechete chifukwa kamphepo kamakunamizani kuti kukuzizira, chipewa ndi botolo la madzi zisasowe. Ndipo muyang'ane miyendo ya bambo. Pa ndandanda wa maulendo a sitima amalemba kuti uwu ndi woyenda kwambiri, uwu ndi wopepuka, werengani zimenezo moona mtima, ngati mawondo amavuta kulowa ndi kutuluka mu boti laling'ono likugwedezeka si masewera, auzeni antchito akugwireni dzanja, ndi ntchito yawo ndipo amachita mwaulemu.

Maulendo otchuka amadzaza msanga, ena sitima isananyamuke nkomwe, ndiye ngati mwasankha wa kummwera kwa Mauritius uja mwana wanu asungitse malo pa intaneti nthawi imene akulipira tikiti, ndipo afunsenso kuti sitima ikalephera kuima padokolo ndalama ya ulendowo amabweza bwanji.